Kodi ma 2-stroke atheratu m'mipikisano ya njinga zing'onozing'ono za pa tara?

MwanaWaKuZomba

Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yomwe yakhala ikundizunguza mutu ndipo ndikudziwa kuti muno muli anthu oti njinga mumazidziwa mpaka m'kati, nde ndithandizeni. Ine za MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga za pa tara pa dziko lonse, ndinayamba kuzitsata mochedwa, chaka chomwe Brad Binder anatenga chikho cha kalasi yake yaing'ono ya Moto3, mu 2016, ndiye mipikisano yonse yomwe ndaonera ikuchitika ndi ya 4-stroke basi. Koma miyezi yapitayi ndatengeka kwambiri ndi mavidiyo akale a 125cc ndi 250cc pa YouTube, aja a Rossi adakali kamnyamata pa Aprilia, Pedrosa pa Honda, Lorenzo, Simoncelli pa Gilera, ndipo abale inu kalilidwe ka tinjinga timeneti nkena, komanso mmene anyamatawo amalowera pakona osatsitsa liwiro mtima umachita kuima.

Ndawerenga kuti 500cc anaisintha mu 2002, kenako 250cc inatha 2009 nkubwera Moto2, 125cc nayo inatha 2011 nkubwera Moto3 mu 2012. Chifukwa chomwe aliyense amatchula ndi utsi. Chabwino, koma nanga bwanji KTM mpaka lero ikugulitsa 2-stroke za m'tchire, Yamaha YZ125 ikupangidwabe, ma kart, tigalimoto ta mpikisano tomwe ana amayambira asanafike ku Formula 1, pafupifupi onse ndi 2-stroke? Utsiwo umangoipa pa tara pokha? Funso langa lenileni ndi ili, m'makalasi ang'onoang'ono, a ana ndi a anthu ongoyamba kumene, kodi 2-stroke ili ndi tsogolo kapena tingovomereza kuti zinapita? Sindikunena za kalasi yaikulu ya MotoGP ayi, kumeneko ndikudziwa kuti sizingatheke.

Madala Sipanala

Mphwanga funso lanuli landisangalatsa chifukwa achinyamata ambiri masiku ano 2-stroke amangoidziwira pa kajenereta ndi pa makina odulira mitengo. Ine umakaniko ndinaphunzirira pa Yamaha DT125 ndi DT175 zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera m'midzi, panalinso AG100 ndi Suzuki TF125, zonsezo 2-stroke, ndipo mpaka lero mukapita ku Mangochi, Senga Bay kaya Nkhata Bay injini zambiri zomwe asodzi amamanga kumbuyo kwa mabwato ndi 2-stroke. Ndiye ngakhale mpikisano wa pa tara ndimangouonera pa TV, injiniyo ndimaidziwa ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi chomwe imathamangira chonchija. 4-stroke imaphulitsa mafuta kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, pomwe 2-stroke imaphulitsa pa kuzungulira kulikonse. Ilibe ma valve, ilibe camshaft, ilibe tcheni cha timing, pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a m'mbali mwa silinda ikamakwera ndi kutsika. Nde injini imakhala yopepuka, zitsulo zoyenda zochepa, mphamvu yambiri pa ma cc ochepa. Vuto lake lili pomwepo, pali kanthawi komwe mabowo olowera mafuta ndi bowo lotulukira utsi onse amakhala otsegula, ndiye petulo wina amangodutsa osapsa nkutulukira ku ekizozi, onjezanipo oyilo wa 2T amene amapsera limodzi ndi petuloyo, ndiwo utsi wabuluu uja. Ekizozi yotupa pakati ija si yokongoletsa ayi, ntchito yake nkubweza mafuta othawawo, mpweya ukakagunda pomwe paipi yayamba kuchepa umabwerera nkukankhira mafuta aja m'silinda pisitoni isanatseke bowo. Koma zimenezi zimangogwirizana pa ma rev ena ake, nchifukwa chake njinga imakhala yofooka ma rev akakhala pansi kenako mwadzidzidzi nkulusa. Amene anazikonza bwino nzeru zimenezi pa njinga za mpikisano ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany, ndipo wokwera wake Ernst Degner atathawa mu 1961 nkupita ku Suzuki, chaka chotsatiracho Suzuki inatenga chikho cha 50cc. Kuchokera pamenepo a ku Japan sanabwererenso m'mbuyo.

Tsono maganizo anga ndi awa, kwa mwana wophunzira mpikisano palibe injini yoposa imeneyi. Bambo ndi mwana wake atha kumasula head, kuzula silinda, kusintha pisitoni ndi ring madzulo amodzi pakhonde ndi masipanala wamba, mawa lake njinga ikuyenda. 4-stroke ya mpikisano ikadula valve pa ma rev okwera imaononga head, pisitoni, nthawi zina ndi silinda yomwe, ndalama yokonzera imatsala pang'ono kufanana ndi yogulira injini ina. Komanso 2-stroke imaphunzitsa. Mwana amazolowera kumvetsera injini, kuchotsa pulagi nkuona mtundu wake kuti adziwe ngati mafuta achepa kapena achuluka, ndipo poti ukasiya mafuta siidzigwira yokha ngati 4-stroke, ayenera kudziwa buleki bwinobwino. Akalakwitsa giya potuluka pakona ma rev amagwa, anzake onse amupitirira. Kwa ine anthu awa anatseka sukulu yabwino.

WakuJoni

Madala ulemu wanu, pa kagwiridwe ka injini palibe chomwe ndingaonjezere. Koma pa mtengo ndikutsutsani pang'ono. 2-stroke ndi yotchipa pa galaja panu, ku Grand Prix sinali yotchipa olo pang'ono. Zaka zomaliza za 125 ndi 250 kutsogolo kunkadzadza Aprilia, ndipo maina asakupusitseni, Gilera yomwe Simoncelli anawinira 250 mu 2008 ndi Derbi yomwe Marc Marquez anawinira 125 mu 2010 m'kati mwake zinali Aprilia zomwezo, makampani atatu onsewa ndi a Piaggio. Njinga yabwino kwambiri ija, RSA, matimu ankachita kubwereka pa ndalama zoopsa chaka chikatha nkubweza, timu yosauka imatenga mtundu wakale nkumakangolimbirana nambala 15. Hiroshi Aoyama kuwina chikho chomaliza cha 250 mu 2009 pa Honda chinali chodabwitsa chifukwa Honda inali itasiya kale kuikapo mtima. Nde oyendetsa mipikisanoyi, Dorna ndi FIM, pobweretsa Moto2 ya injini imodzi kwa aliyense, poyamba ya Honda 600cc ndipo kuyambira 2019 ya Triumph 765cc, ankafuna kuthetsa zimenezo, ndipo chaka choyambacho njinga pa grid zinafika cha m'ma 40 pomwe 250 inali itatsala ndi zongopitirira 20. Ku Moto3 anaikanso malire pa mtengo wa injini ndi kuchuluka kwa injini zomwe wokwera angagwiritse pa chaka.

Koma gwero lenileni ndi malonda. Kampani imathamangitsa chomwe ikugulitsa m'shopu. Malamulo a utsi ku Europe ndi ku Japan atayamba kukhwima, NSR250, RGV250, TZR250 ndi RS250 za pamsewu zinasiya kupangidwa imodziimodzi, nde bwana wa kampani angavomere bwanji kuthira ndalama pa injini yomwe sadzagulitsa? Honda makamaka mtima wake unali pa 4-stroke kuyambira kale, m'ma 1960 Jim Redman wa ku Bulawayo anawina zikho 6 pa 4-stroke zake, mu 1979 anabweranso ndi NR500 ya ma pisitoni osazungulira kuti alimbane ndi ma 2-stroke, itakanika mpomwe anagonja nkupanga NS500 yomwe Freddie Spencer anawinira mu 1983. Mpata wobwerera ku 4-stroke utapezeka sanazengereze.

Za motocross, mpikisano wa njinga za pa dothi, ndi kart zomwe mwafunsa achimwene a ku Zomba, kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kuli msika. Anthu akugulabe YZ125, KTM 85 SX, 125 SX chaka ndi chaka, njingazi sizikwera msewu wa boma ndiye malamulo a utsi wa pamsewu sazikhudza, ndipo ku kart kuli Rotax, IAME, TM, Vortex omwe moyo wawo ndi injini zimenezi. Pa tara makwerero onse opita ku MotoGP anasinthidwa kuyambira pansi. Red Bull Rookies Cup momwe Binder anadutsa inali pa KTM 125 ya 2-stroke mpaka 2012, kuyambira 2013 ndi 250 ya 4-stroke. Asia Talent Cup, British Talent Cup, European Talent Cup onse anawaika pa Honda NSF250R, tiana ta MiniGP anatiika pa Ohvale 160 nayonso 4-stroke. Kholo lomwe likufuna kuti mwana wake akafike ku Moto3 lingamugulire bwanji 125 ya 2-stroke pomwe oona maluso onse akuyang'ana kwina?

Kuno ku South Africa ndimapitako ku mabwalo a Zwartkops ndi Red Star, 2-stroke mumaziona makamaka tsiku la njinga zakale ndipo okwera ambiri ndi azibambo a imvi. Zimandiwawa ndithu chifukwa mbiri ya chigawo chino ili pa injini zimenezi. Kork Ballington, yemwe anabadwira ku Salisbury, Harare ya leroyi, anatenga 250 ndi 350 zonse ziwiri mu 1978 nkubwerezanso 1979 pa Kawasaki. Nde pali Jon Ekerold, 350 mu 1980, munthu wopanda fakitale kumbuyo kwake, injini ya Yamaha TZ350 yoti aliyense akanatha kugula, nkugonjetsa Kawasaki ya fakitale. Apa pokha madala ndikugwirizana nanu, nthawi yomwe TZ inkagulitsidwa m'shopu munthu wamba anali ndi mwayi, ndipo mwayi umenewo lero kulibe ku kalasi iliyonse ya Grand Prix.

NaPhiri_Belfast

Ndilowererepo alongo anga. Ine ndimakhala ku Northern Ireland, ntchito yanga siikhudzana ndi njinga koma kuno munthu sungakhale osazidziwa chifukwa mpikisano umachitikira pamsewu weniweni, amangotseka msewu wa m'mudzi anthu nkukhala kuseri kwa mipanda kumaonera. North West 200, Cookstown 100, Tandragee 100, Armoy. M'mipikisano ing'onoing'onoyi 2-stroke sizinatheretu, 125 zakale amaziphatikiza ndi Moto3 mu race imodzi, ndipo 250 zimatulukabe ngakhale ndi zochepa. Zikamadutsa anthu achikulire amachita kuimirira, ena amangofuna fungo la oyilo lija basi.

Koma ndikufuna ndinenepo chinthu chomwe sichinatchulidwe, kugwira kwa injini. Madala akudziwa, 2-stroke mafuta akachepa pang'ono pisitoni imatentha nkukakamira m'silinda, tayala lakumbuyo nkuima nthawi yomweyo, nchifukwa chake okwera akale ankayenda chala chili pa kilatchi nthawi zonse. Kuno nkhani imeneyi si yongowerenga. Robert Dunlop anamwalira mu 2008 pa practice ya North West 200 injini ya 250 yake itagwira ali pa liwiro lalikulu, ndipo patangopita masiku awiri mwana wake Michael anakwera 250 nkuwina race ya kalasi yomweyo, anthu kuno akamaikamba mpaka lero misozi imalengeza. Mkulu wake wa Robert, Joey Dunlop, kuwina kwake komaliza ku TT, mpikisano wa pamsewu wa pa chilumba cha Isle of Man, kwa nambala 26, kunali pa 125 mu 2000, ndipo anamwalira chaka chomwecho ku Tallinn pa race ya 125. Ndiye banja lomwe anthu kuno amalikonda kwambiri mbiri yake yonse, yokoma ndi yowawa yomwe, yalukana ndi tinjinga timeneti.

TT inachotsa 125 ndi 250 pa msewu wake waukulu itatha 2004. Zinapezanso malo ku mipikisano ya njinga zakale pa chilumba chomwecho, komwe Bruce Anstey anawina pa Honda RS250 mu 2019 atangochoka kumene pa chithandizo cha khansa. Mu 2016 Ian Lougher anathamangitsa Suter MMX 500, 2-stroke yatsopano ya masilinda 4, mu Senior TT, anthu anakondwa koma ndi njinga ya anthu olemera, sikuti ingayambitse kalasi.

Nde chomwe ndimamva kwa eni njingazi mu paddock, momwe amakonzera njinga pa mpikisano, si utsi ayi, palibe amene amawaletsa chifukwa cha utsi. Dandaulo lawo ndi masipeya. Honda inasiya kupanga RS125 ndi RS250, Yamaha inasiya TZ, ndiye crankshaft, silinda, ma casing zikuchepa chaka ndi chaka, timakampani ting'onoting'ono timapanga zina zolowa m'malo koma mtengo wakwera, ndipo njingazo zasanduka chuma chosunga moti mwini wake amaganiza kawiri asanaipereke kwa mwana wa zaka 16 kuti akaigwetse. Komabe ku England kuli makalabu omwe akuthamangitsa MZ 250 zakale za ku East Germany zomwe madala atchula zija, ndi Yamaha TZR250 ndi RD350, ndipo ali m'gulu la makalasi otchipa kwambiri kumeneko. Ndiye tsogolo lilipo koma lili ku makalabu, osati pa TV.

Injiniya_wamawa

Ine ndikuphunzira za injini ndipo nkhani iyi timakanganirana kwambiri ndi anzanga. Ku mbali ya luso, vuto la petulo wothawira ku ekizozi linapezeka kale yankho lake. Ukamatsuka silinda ndi mpweya wokhawokha, kenako nkupopera petulo m'kati bowo la utsi litatsekeka, palibe chothawa. Kampani ya Orbital ya ku Australia inapanga zimenezi, Aprilia inaziika pa kasikuta ka SR50 Ditech, Evinrude inapanga njira yakeyake pa injini za maboti za E-TEC, ndipo Ski-Doo ikugwiritsa ntchito pa zoyendera pa chipale. KTM mu 2017 inatulutsa TPI, yomwe imapopera petulo m'tinjira ta m'mbali mwa silinda, kuti njinga zake za m'tchire za enduro zikwanitse malamulo a ku Europe. Nde 2-stroke yosafuka kwambiri ilipo.

Koma pa injini ya mpikisano masamu ake ndi ovuta. 125 ya Grand Prix inkazungulira cha m'ma 13,000 pa mphindi, kutanthauza kuti kuzungulira kamodzi sikukwana ma millisecond 5, ndipo kuchokera pomwe bowo la utsi latsekeka kufika pomwe pulagi yayaka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a kuzungulirako. Ndiye uli ndi ka millisecond kamodzi koti upopere petulo yense, asanduke nthunzi, asakanikirane ndi mpweya. Injini za maboti zimatha chifukwa ma rev ake safika ndi theka lomwe. Chinanso, petulo wodutsa mu crankcase uja amaziziritsa pisitoni ndi ma bearing, ukamuchotsa uyenera kupeza njira ina yoziziritsira. Zonsezi nzotheka koma zimafuna mapampu, ma sensa, kompyuta, ndipo ukatero chija madala akuchikonda, choti bambo ndi mwana akonze okha pakhonde, chapita. Imeneyi ndiye mfundo yomwe imandivuta, 2-stroke yaukhondo siikhalanso yophweka, ndipo yophwekayo siikhala yaukhondo. Pali timakampani monga Vins ku Italy ndi Langen ku England tomwe tapanga 250 zatsopano za injekishoni, zokongola zedi, koma zowerengeka komanso zodula.

Ine sindikhulupirira kuti utsi wa tinjinga 30 pa race imodzi ndi womwe ukuononga dziko, ndege ndi malole onyamula katundu wa mpikisanowo amawotcha mafuta ochuluka kutalitali. Nkhani ndi maonekedwe pamaso pa ma sponsor. Kuyambira 2024 mafuta a Grand Prix ayenera kukhala ndi 40% yosachokera pansi pa nthaka ndipo cholinga ndi 100% mu 2027, ena amati mafuta oterewa atha kutsegulira 2-stroke khomo, ngakhale Pat Symonds wa ku Formula 1 ananenapo mu 2020 kuti amaiganizira 2-stroke pa injini zamtsogolo, koma sizinapite patali. Mukaona komwe zinthu zikulowera, akupita ku njinga zokulirapo zochokera m'shopu, Supersport 300 yomwe inayamba 2017 ailowetsa m'malo ndi kalasi ya Sportbike ya injini zazikulupo.

Pomwe ndimaona kuti okonda 2-stroke ali ndi mfundo ndi pa chitetezo, ngakhale NaPhiri anena zoona za kugwira kwa injini. Mu 2021 tinataya anyamata atatu, Jason Dupasquier ku Mugello, Hugo Millan ku Aragon ndi Dean Berta Viñales ku Jerez, onse anagwa nkugundidwa ndi njinga zobwera m'mbuyo. Njinga zikakhala zofanana mphamvu komanso zosavuta kukwera, ana ambiri amayenda mulu umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mmodzi akagwa enawo alibe kothawira. Njinga yovuta imasiyanitsa waluso ndi wongoyamba, muluwo umamwazika. Sindikunena kuti ku 125 kunalibe miulu, inaliko makamaka ku Mugello komweko, koma mfundoyi ndi yofunika kuiganizira. Akuluakulu a mpikisano iwo anasankha kukweza zaka, kuyambira 2023 Moto3 anaika zaka 18.

MwanaWaKuZomba

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Nde ngati vuto ndi masipeya monga anenera NaPhiri, ndipo msika uli ku motocross monga anenera a ku Joni, bwanji osangotenga injini ya 85 kapena 125 ya motocross yomwe ikupangidwabe nkuiika pa matayala a tara, aliyense njinga yofanana? Kwathu kuno tilibe bwalo la tara la mpikisano, koma ku Harare kuli Donnybrook, ku Bulawayo kulinso bwalo, ndipo ana okwera motocross ku Zambia ndi ku Zimbabwe alipo kale ndi njinga zimenezi m'magalaja. Kapena pali chomwe sindikuchiona?

Madala Sipanala

Mphwanga mwaganiza bwino ndipo zimatheka, koma injini ya motocross anaipangira kutsegula ndi kutseka mafuta pafupipafupi, pakona, podumpha, pamchenga. Pa tara mwana amatsegula mafuta onse nkukhala choncho msewu wautali, kutentha kwake nkwina. Mukangoisamutsa osasintha kanthu imagwira. Muyenera kukulitsa main jet, kuika pulagi yozizirirapo, kubweza timing pang'ono, ndipo radiator ikhale yokwanira. Magiya akenso ndi afupiafupi ndiye masiproketi asinthidwe, ndipo ikukwanira bwino pa bwalo laling'ono ngati la kart kusiyana ndi bwalo lalikulu.

Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi malo. Jeti yomwe ikuyenda bwino ku Lilongwe kapena ku Harare komwe ndi kokwera, mukatsikira nayo kunyanja kapena ku Chikwawa mpweya ndi wochuluka ndiye mafuta amachepa, injini nkutentha. Ma DT a alangizi ankatipatsa phunziro limeneli. Ndiponso petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, amene amafuna jeti yokulirapo, amakoka chinyezi, ndipo mukasakaniza ndi oyilo nkusiya m'chigubu nthawi yaitali musamukhulupirirenso. Oyilo akhale wabwino, muyezo wake ukhale umodzi tsiku lililonse, osangothira ndi maso. Mwana amene waphunzira zimenezi ali ndi zaka 12, ngakhale asadzakhale katswiri wa mpikisano, watuluka ndi ntchito m'manja.

WakuJoni

Achimwene a ku Zomba zomwe mwanenazi ndi zomwe ine ndimakhulupirira kuti ndi njira yokhayo, ndipo zinachitikapo. Ku Britain m'ma 1980 kunali mpikisano wa Yamaha RD350LC wa njinga zofanana, kenako kunabwera wa Aprilia RS125 ya pamsewu, komwe Casey Stoner anawina mu 2000 makolo ake atasamuka naye kuchoka ku Australia, ndipo Cal Crutchlow anawina chaka chotsatira. Njinga zake zinali za m'shopu, osati za Grand Prix, ndipo zinatulutsa anthu owina ku MotoGP. Ndiye si zoona kuti mwana ayenera kuyambira pa 4-stroke kuti adzathe 4-stroke, Rossi, Stoner, Lorenzo, Pedrosa, Marquez onsewa anakulira pa 2-stroke.

Koma kalasi yotere imafa tsiku lomwe mwalola kuti anthu azisema mabowo a silinda. 2-stroke ndi yosavuta kuionjezera mphamvu, munthu wodziwa ali ndi kachida kosemera ndi ekizozi yabwino amapeza mphamvu yoti anzake samugwiranso, nde bambo wandalama amalemba katswiri wa injini, chaka chachiwiri mabanja theka asiya, zija za Aprilia zabwereranso pa bwalo la kalabu. Ku kart anazitha, Rotax Max injini zake amazimata chidindo ndipo amatsegula ndi okhawo ovomerezeka. Apa mpomwe ndikusiyana pang'ono ndi madala, chifukwa chidindo chikutanthauza kuti bambo sangatsegule yekha. Mwina pakati pake ndi pomwe pali yankho, pisitoni ndi ring aliyense asinthe yekha, jeti ndi siproketi asankhe yekha, koma silinda, head ndi ekizozi zikhale za fakitale ndipo race ikatha atatu oyambirira amasule pamaso pa onse ayezedwe. Matayala mtundu umodzi, seti imodzi pa tsiku.

Loweruka likubwerali ndikapita ku bwalo ndikafunsa anyamata omwe amaika matayala a pa tara a mainchesi 17 pa njinga za motocross kuti pisitoni ya 125 ikuwakhalira maola angati pa tara komanso akugwiritsa jeti yanji kuno kokwera, ndidzalemba pano. Madala inu tandiuzeni, pa 85 ya mwana mungayambire muyezo wanji wa petulo ndi oyilo, 32:1 kapena 40:1?